Nyimbo imodzi sachezera gule



Lamulungu lapitali, Misa yachiwiri itatha, ndidatsalira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi pamodzi ndi anyamata anayi ndi mtsikana mmodzi a m'gulu lathu la achinyamata. Adabwera ndi pempho. Akhala akuyimba limodzi kwa miyezi ingapo, awiri ndi magitala, mmodzi ndi ng'oma zokhoma yekha, ndipo apeka nyimbo imene akuti aliyense woimva amaikonda. Akufuna kuti komiti iwabwereke ndalama za m'thumba la achinyamata kuti Loweruka likubwerali akwere minibasi ya ku Lilongwe, akajambule nyimboyo masana amodzi, madzulo abwerere, pofika Lolemba ikhale ikuyenda pa WhatsApp. Nditafunsa chimene chawapatsa changu chotere, mmodzi adatulutsa foni nandimvetsera nyimbo ya gulu lina la ku Zambia. Gitala wake ankalira mokalipa ngati njuchi zoputidwa mumng'oma. Bambo ena achikulire a mumpingo amene ankadutsa adaima nafunsa dzina la gululo. Atamva kuti ndi WITCH, poti Chingerezi amachidziwa, adagwira pakamwa nati, "Akatekisiti, mpaka nyimbo za mfiti pabwalo la tchalitchi?"

Komiti ikumana Lachisanu, ndipo ine monga mlangizi wa gululi ndidzafunsidwa maganizo. Ndaona kuti n'kwabwino ndiwanene poyera lero, kuti pasadzapezeke wonena kuti akatekisiti adatitchera mwendo mumdima. Pempho la Loweruka ndidzalikana. Koma chifukwa changa n'chosiyana ndi cha bambo aja, amene ndimawalemekeza ngati bambo anga ondibereka. Iwo akuopa kuti ana athu atengeka ndi nyimbo zoipa. Ine ndikuopa kuti ana athu aononga nyimbo yabwino. Ndipo mboni yanga pamlanduwu ndi gulu lomwe lija lidawagwiritsa pakamwa.

Tiyambe ndi dzinalo, poti ndilo lapweteka. Gululi silikhudzana ndi ufiti. Zilembo zisanu zija ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti We Intend To Cause Havoc, ndiko kunena kuti tabwera kudzautsa chipwirikiti, mawu odzitama a anyamata amene ankafuna kuti holo izigwedezeka iwo akagwira zida. Lidabadwira ku Kitwe, m'chigawo cha migodi ya mkuwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Woyimba wake wamkulu, Emmanuel Chanda, anthu adamupatsa dzina lakuti Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger wa gulu la Rolling Stones, chifukwa cha kavinidwe kake pansanja. Masiku amenewo Zambia inali itangolandira ufulu mu 1964 monga ife, mkuwa unkagulidwa bwino, ndipo anthu a m'migodi anali ndi kangachepe kolowera kudansi. Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene nayenso ankadziwa gitala, adalamula kuti gawo lalikulu kwambiri la nyimbo za pawailesi likhale la oyimba a m'dzikomo. Anyamata adatenga kaimbidwe ka gitala wa magetsi kamene ankamva kwa Jimi Hendrix ndi anzake, nakasakaniza ndi ng'oma ndi zilankhulo za kwawo. Chidatuluka ndi chamba chimene lero chimatchedwa Zamrock. WITCH idatulutsa zimbale zingapo motsatizana, ndipo chotchuka koposa, Lazy Bones!!, chidajambulidwa mu 1975 ku DB Studios mumzinda wa Lusaka.

Ife alimi a fodya tikudziwa chimene chimachitika dziko likadalira katundu mmodzi. Pakati pa zaka za m'ma 1970 mtengo wa mkuwa udagwa, ndipo ndalama za dansi zidayamba kupita ku ufa. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe idafika mpaka m'dziko la Zambia, boma lidaletsa kuyenda usiku, ndipo gulu loyimba lopanda usiku lili ngati msodzi wopanda nyanja. Nyimbo za disco zidalowa, eni malo achisangalalo naona kuti kulipira munthu mmodzi woika zimbale n'kotchipa kusiyana ndi kudyetsa oyimba asanu. Jagari adachoka m'gululo nakaphunzira ndi kuphunzitsa za nyimbo ku Lusaka. Otsala, pamodzi ndi Patrick Mwondela woyimba kiyibodi, adayesa kusintha chamba, natulutsa Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984, kenaka kudangoti zii. Mliri wa Edzi udakolola oyimba ambiri a m'badwo umenewo. Mwa amene adayambitsa WITCH adatsala ndi Jagari yekha, ndipo patapita zaka ankapezeka kutchire akukumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja.

Nkhani ikadathera pomwepo, ikadakhala fanizo labwino la ulaliki wa bambo aja, lakuti taonani malipiro a chipwirikiti. Koma siidathere pomwepo. Anthu otolera zimbale zakale ku Ulaya ndi ku America adayamba kupeza zimbale za Zamrock, nazizwa nazo. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles idazisindikizanso, ndipo mu 2012 idatulutsa pamodzi zimbale zoyamba za WITCH. Mu 2019 kudatuluka filimu ya mbiri ya gululi yojambulidwa ndi Gio Arlotta wa ku Italy. Jagari ndi Mwondela adagwirizana ndi oyimba achinyamata a ku Ulaya, motsogozedwa ndi Jacco Gardner wa ku Netherlands, nayambanso kuyenda m'maiko. Ndipo pamene adafuna kujambula nyimbo zatsopano adabwerera ku Lusaka, ku DB Studios komwe kuja. Adaitana Keith Kabwe wa gulu lakale la Amanaz, adaitananso amayi oyimba a m'badwo wa lero, Sampa the Great, Theresa Ng'ambi ndi Hanna Tembo. Chimbalecho, chotchedwa Zango, chidatuluka mu June 2023, patapita zaka 39 chitulukireni Kuomboka, Jagari ali munthu wa zaka zopitirira 70. Mu 2025 adatulutsanso china, Sogolo. Nyimbo imene ndidamvetseredwa pansi pa mango ija ndi ya mu Zango.

Tsono funso langa kwa inu achinyamata ndi ili. N'chiyani chidadzutsa gululi m'manda? Mudzati ndi luso, ndipo simudzalakwa. Koma aluso amene adayimba m'mahotela ndi m'mabala a Kitwe ndi Ndola anali ambirimbiri, ndipo ochuluka a iwo adapita ndi nyimbo zawo. Chimene chidasiyanitsa WITCH n'chakuti idasiya zimbale, ntchito yathunthu, nyimbo zambiri zosanjidwa pamodzi, ndi maina a oyimba olembedwa pachikuto. Mlendo adati akagwira chimbale chimodzi m'manja adapeza zokwanira kuti adziwe kuti awa sadangochita mwayi ndi nyimbo imodzi, ndipo adapeza dzina la munthu woti akamufunefune. Yerekezani ndi nyimbo zimene zadzaza m'mafoni mwathu. Zikadutsa m'manja atatu, dzina la nyimbo limasanduka manambala, woyimba sadziwika, wopeka sadziwika, chaka sichidziwika. Memori khadi ikafa, zonse zafera momwemo. Makolo athu adanena kale kuti nyimbo imodzi sachezera gule. Ine ndikuonjeza kuti nyimbo imodzi yopanda dzina siingakumbutse zidzukulu kuti agogo ankayimba.

Pali china chimene anzanga asanu aja sadachiganizire, ndipo n'chokhudza mmene nyimbo imajambulidwira. Masitudiyo ambiri otchipa m'matauni mwathu ndi chipinda chimodzi, kompyuta imodzi, kiyibodi ndi maikolofoni imodzi. Wojambula amamva nyimbo yako kamodzi, n'kupanga ng'oma ndi besi pakompyuta, iwe n'kuyimba pamwamba pake. Njirayi ili ndi ubwino wake, ndipo yathandiza oyimba ambiri osauka kumveka. Koma siidapangidwire gulu la zida. Kujambula ng'oma zenizeni kumafuna chipinda chosabweza mawu ndi maikolofoni zingapo. Gitala wa magetsi amafuna nthawi yomusakira liwu lake. Chida chilichonse chimajambulidwa panjira yakeyake, kenaka pamabwera ntchito yosakaniza, kuti ng'oma zisamize mawu ndipo besi asamize gitala, ndi ntchito yomaliza yosalaza kuti nyimbo zonse zimveke mofanana pawailesi ndi pafoni. Zonsezi sizingatheke masana amodzi. Chimene chidzachitike Loweruka ndikuchiona ndili pano. Nthawi ikadzayamba kutha, wojambula adzati mnyamata wa ng'oma akhale pambali, magitala adzalowedwa m'malo ndi kiyibodi, ndipo ana athu adzabwera ndi nyimbo yosalala bwino yofanana ndi nyimbo zina chikwi. Chimene chimandiimitsa ine ndikamadutsa pamene akuyeserera, kukalipa kwa gitala ndi kulira kwa chikopa cha mbuzi, chidzatsala m'minibasi.

Kuno ku Kasungu sindifunika kuphunzitsa munthu za kudikira. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi, koma taonani ulendo wake. Nazale imayamba dzuwa likuswa mtengo, madzi akutungidwa kudambo m'mawa ndi madzulo. Mvula yoyamba ikagwa timaokera, kenaka kupalira, kuthira feteleza, kudula nsonga, kuchotsa mphukira. Kuthyola kumayambira masamba apansi kukwera m'mwamba, tsiku ndi tsiku monga akhwimira. Timasoka, timapachika m'chigafa, ndipo pamenepo palibe wamphamvu amene angafulumizitse mphepo. Akauma timadikira chinyezi cha m'mawa kuti tsamba lisathetheke, ndiye kusankha, kumanga ndi kudinda mabelo pajeke. Ndani mwa inu adatengapo tsamba laliwisi kupita nalo ku Chinkhoma chifukwa chakuti likuoneka lokongola m'munda? Ndipo ndani sadziwa tsoka la mlimi amene amasakaniza magiredi m'belo limodzi pofuna kuthamangira msika? Fodya wake amabwezedwa, ndipo ndalama za thiransipoti wataya. Nyimbo ya ana athuwa ndi tsamba labwino, koma lidakali m'munda.

Ndikudziwa yankho limene likubwera, chifukwa mtsikana uja adandipatsa kale. Adati, "Akatekisiti, masiku ano ndani amamvera chimbale chonse? Anthu amamva nyimbo imodzi, akaikonda amatumizira anzawo, basi." Akunena zoona, ndipo sindikufuna kubwezera dziko kumasiku a makaseti, pamene tinkazunguliza tepi ndi bolopeni kuti tisunge mabatire. Nyimbo imodzi ikhoza kutsogola ngati mthenga. Ngakhale Zango idatumiza nyimbo zingapo patsogolo chimbale chisadatuluke. Koma mthenga amatumidwa ndi mfumu imene ilipo. Tiyerekeze kuti nyimbo yanu yagunda, ndipo mwaitanidwa kukayimba kuukwati ku Santhe kapena ku Chamama. Mphindi zinayi zikatha mudzayimba chiyani? Mudzayamba nyimbo za eni ake, ndipo anthu adzabwerera kwawo akuti aja ndi ana a nyimbo imodzi. Phindu lalikulu la chimbale limayamba chisadagulidwe n'komwe. Kupeka nyimbo khumi kumakakamiza gulu kudziwa chimene likufuna kunena, kutaya zofooka, kukangana ndi kugwirizananso. Gulu limene lapirira ntchito imeneyo limatuluka lili gulu. Limene silingathe, kuli bwino lidziwe msanga ngongole isadalowe.

Tsopano ndibwerere kwa bambo anga aja, chifukwa mantha awo sindiwapeputsa. Moyo wa usiku udadyadi oyimba ambiri, ku Zambia ndi kuno komwe. Mowa, chamba chosuta ndi chiwerewere zimazungulira nsanja monga ntchentche pa msika wa nsomba, ndipo kholo limene likuona mwana wake akunyamula gitala lili ndi chifukwa chogonera tulo tochepa. Koma tiyeni tinene chilungamo. Kodi ndalama za fodya sizidaphe anthu m'boma lino? Tonse timaona zimene zimachitika pa matauni athu msika ukatsegulidwa mu April, abambo osowa pakhomo sabata yathunthu, ana akudikira fizi. Palibe amene adati tsono tileke kulima. Timati munthu aphunzire kudzigwira. Gitala alibe tchimo, monganso khasu lilibe. Ndipo tikumbuke kuti idalipo nthawi imene ng'oma yomwe timaomba pa Misa lero inkaonedwa ngati yachikunja. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha za chipembedzo cha mu December 1963, udavomereza kuti nyimbo za makolo a mitundu ya anthu zipatsidwe ulemu ndi malo. Sindikunena kuti gitala wokalipa alowe pa nthawi ya Ukaristia. Misa ili ndi nyimbo zake, ndipo bwalo lili ndi zake. Ndikungoti chida chachilendo m'khutu sichikhala choipa chifukwa cha chilendo chakecho.

Mbiri yathu ikutichenjeza za mtengo wa mantha otere. Pamene Kaunda ankatsegulira anyamata ake wailesi, kuno Ngwazi Dr. Kamuzu Banda, mwana wa Kasungu yemweyu, ankalamulira ndi dzanja lina. Lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo kuyambira 1973 ngakhale kutalika kwa tsitsi la mwamuna ndi kavalidwe ka mkazi zidali nkhani za boma. Wailesi inali imodzi, MBC, ndipo woyimba wofuna kumveka ankadutsa pakhomo lomwelo. Aluso tidali nawo, a Daniel Kachamba, a Allan Namoko, a Robert Fumulani ndi ena ambiri, koma zimbale zimene m'badwo umenewo udatisiyira n'zochepa poyerekeza ndi luso limene udali nalo. Nanga khomo lina lidatsegukira kuti? Paparishi. Mu 1978 ku Balaka, Bambo Mario Pacifici a chipani cha Montfort adasonkhanitsa achinyamata nayambitsa Alleluya Band. M'gulu limenelo mudatuluka Paul Banda, Lucius Banda, Charles Sinetre, Coss Chiwalo ndi ena, ndipo situdiyo ya Paul Banda ya Imbirani Yahwe idajambula nyimbo zimene zidadzaza m'mabasi ndi m'magolosale a dziko lino m'zaka za m'ma 1990. Pamene Lucius Banda adamwalira pa 30 June 2024, dziko lonse lidalira munthu amene adayambira pabwalo la tchalitchi ngati lathuli. Wansembe uja akadagwira pakamwa ataona magitala, tikadataya zochuluka bwanji?

Pali chitsutso china chimene palibe adandipatsa, koma chimandisowetsa mtendere ine mwini, ndipo sindingachibise. Nkhani ya Zango ili ndi fungo limene mlimi wa fodya amalizindikira msanga. Adafukula zimbale zakale ndi alendo. Adajambula filimu ndi mlendo. Adatsogolera ntchito yojambula chimbale ndi mlendo, ndipo kampani imene idachitulutsa ndi ya ku America. Kwathu kuno n'chimodzimodzi. Malawi Mouse Boys a ku Balaka adamveka kunja kudzera mwa Ian Brennan wa ku America, amene adatulutsa chimbale chawo choyamba mu 2012. Yemweyo adajambula akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba mu 2013, ndipo chimbale chawo chidalowa m'gulu lopikisana pa mphotho za Grammy mu 2016. Madalitso Band, anyamata awiri amene ankayimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ndi babatoni, chimbale chawo cha Wasalala chidatuluka mu 2019 kudzera kukampani ya Bongo Joe ya ku Geneva. Kodi si mmene timachitira ndi fodya, ife kulima tsamba, ena kutchula mtengo, ndudu n'kukapangidwira kutsidya kwa nyanja?

Sindinyoza alendowo. Popanda iwo Jagari bwenzi akadali kumgodi, ndipo ambiri a ife sitikadamva n'komwe za akaidi oyimba a ku Zomba. Chala changa chikuloza ife eni. Mlendo adalipira nyimbo zimene ife tidazidutsa pamsewu osaponya ngakhale khobidi. Taonaninso chimene adagula. Sadagule Mmalawi woyesa kumveka ngati wa ku Lagos kapena ku Atlanta. Adagula babatoni, gitala wokhoma pamanja, Chichewa chosasakaniza. Mu 2024 woyimba wotchuka wa ku America, Tyler, the Creator, adatenga chidutswa cha nyimbo ya Chinyanja ya malemu Paul Ngozi, mmodzi mwa akatswiri a Zamrock amene adamwalira mu 1989, nachiika m'nyimbo yake, ndipo achinyamata a m'maiko akutali adamva chilankhulo chathu osadziwa kuti n'chathu. Chimene timachiyesa chakumudzi ndi chimene dziko lilibe. Ichi n'chifukwa china chimene sindifunira kuti ng'oma ya chikopa cha mbuzi ija ikasinthanitsidwe ndi ya pakompyuta.

Ndipo pano mlandu ukugwera tonse, ine ndemwe. Ndi angati mwa ife adagulapo nyimbo chaka chino? Timapita pa kabenchi ka pamsika, mnyamata wa kompyuta n'kutidzazira memori khadi ndi nyimbo mazana pamtengo wa botolo la zakumwa, woyimba osaona kanthu. Kwaya ya parishi ina ikabwera ndi nyimbo zake, amagula mmodzi, limana lonse n'kukopera. Tikatero timapita kukadandaula kuti ogula fodya akutibera thukuta. Lamulo lachisanu ndi chiwiri silidapatule nyimbo. Amene amadya thukuta la woyimba osalipira alibe pakamwa podzudzulira amene amadya thukuta la tenanti. Dziko lili ndi bungwe la COSOMA, limene lakhala likugwira ntchito kuyambira 1992 kuteteza umwini wa opeka ndi kuwatolerera ndalama, ndipo lamulo la umwini wa zaluso lidakonzedwanso mu 2016. Koma lamulo silingalowe m'thumba la munthu aliyense. Mumalowa chikumbumtima chokha.

Tsono Lachisanu ndidzanena izi. Ndalama za Loweruka zisaperekedwe, koma zisungidwe padera m'dzina la ana athuwa mpaka msika wa fodya wa chaka chamawa. Pakali pano parishi iwabwereke holo masana awiri pasabata, ndi magetsi ake, popanda kulipira. Iwo apeke nyimbo zosachepera khumi, aziyimbe pamaso pa anthu, pa zochitika za achinyamata ndi m'maukwati, aone zimene zikuimitsa anthu ndi zimene zikuwatumiza kukagula mandasi. Nyimbo iliyonse aijambule pafoni poyeserera, amvere, akonze, ajambulenso, kufikira atatha kuiyimba yonse osalakwa ngakhale atadzutsidwa pakati pa usiku. Gulu lokonzeka chotere limatha masiku ochepa m'situdiyo, ndipo ndalama zimene zikadapita pa kuphunzira nyimbo pamaso pa wojambula zimapita pa kuijambula bwino. Afufuze situdiyo imene idajambulapo ng'oma zenizeni, amve ntchito yake ndi makutu awo asadapereke kanthu.

Ndidzapemphanso zinthu zitatu zimene zimaoneka zazing'ono pamene chikondi chili pakati pa gulu. Choyamba, alembe papepala amene adapeka mawu ndi amene adapeka maimbidwe a nyimbo iliyonse, ndi mmene adzagawanire chilichonse chimene chingabwere, onse asanu asaine pamaso pa mboni. Magulu ambiri amatha tsiku limene ndalama yoyamba yafika. Chachiwiri, agwirizane ndi wojambula, molemba, kuti akamaliza kulipira adzatenga zonse zimene zajambulidwa, chida chilichonse pachokha, ndipo azisunge malo atatu osiyana, amodzi akhale ofesi ya parishi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Chachitatu, akalembetse nyimbozo ku COSOMA zisadayambe kuyenda, ndipo dzina la gulu, la nyimbo ndi chaka zilembedwe paliponse pamene nyimboyo ikupita. Ndipo ife otsala tilonjeze chinthu chimodzi, kuti tsiku lotulutsa chimbale tidzagula, aliyense chake, ngakhale tikudziwa kuti mawa lake tikadachipeza chaulere.

Mwina anzanga asanu aja akwiya powerenga izi. Adzati akuluakulu ndi momwe alili, mawu ambiri, ndalama ayi. Ndikuwamvetsa, chaka n'chachitali kwa munthu wa zaka 19. Mwinanso ndikulakwitsa, ndipo nyimbo ija ikadagunda Lolemba lomwelo. Koma ndidaimva ndi makutu anga, ndipo ndikuikhulupirira kwambiri kotero kuti sindingavomere kuti ikathere masana amodzi. Jagari Chanda adadikira zaka makumi ambiri kuti alowenso m'chipinda chija cha ku Lusaka, ndipo adapeza anthu akumudikira chifukwa cha ntchito imene adaigwira mokwanira ali mnyamata. Kwa bambo anga aja ndili ndi pempho limodzi. Tsiku loyamba limene ana awa adzayeserere m'holo, mubwere mudzakhale pampando wakutsogolo. Mukadzamva mawu oipa m'nyimbo zawo, mudzawadzudzule, ndipo ine ndidzakhala kumbali yanu. Mukadzapeza kuti phazi lanu layamba kugunda pansi lokha, musadzaliletse.

Komiti ikumana Lachisanu nthawi ya 3 koloko masana m'kalasi ya katekisimu. Amene ali ndi maganizo osiyana ndi angawa abwere adzanene, makamaka inu asanu. Cecilia Woyera, nkhoswe ya oyimba, atipempherere. Mukhale ndi sabata yabwino.